Chinangwa Chosanunkha cha ku Zolozolo

Anthu akamakumbutsana za chaka chimene tinavotera nyali ndi tambala, amakamba za misonkhano, za zala ziwiri m'mwamba, za amene anamangidwa ndi amene anatulutsidwa. Ine ndimangomvera. Kwa ine chaka chimenecho ndi cha beseni limodzi lachitsulo ndi miyendo ya Esinati, mwana wa mng'ono wanga.

Tinkakhala ku Zolozolo m'nyumba ya lendi, ine, amuna anga bambo a Yohane, ndi Yohaneyo amene anali mu Sitandade 8. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuchigwa cha Bwanje. Abambowo anali mesenjala pa ofesi ina ya boma, ndipo akaweruka ankakhala tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Udindowo unalibe malipiro, koma ankaunyamula ngati dzira. Ndinene zoona, anali munthu wofatsa, sanandikwezerepo dzanja. Vuto lawo linali limodzi: ulemu ankaukonda kuposa chakudya, ndipo pa chaka cha njala khalidwe limenelo ndi matenda.

Okutobala

Njala inabzalidwa kumayambiriro kwa chaka, mvula itadula chimanga chili pa ngaiyaye. Kwathu chinapsa chili chiimire, anthu osakolola ngakhale chodzaza lichero. Kuno ku Mzuzu, kumene tinazolowera kudandaula kuti zovala siziuma, tinaona fumbi likutilowera mpaka m'mbale. Kamunda kathu ka kudambo kanangotifikitsa m'nyengo yozizira, kenako tinayamba kudya za m'thumba.

Mwezi umenewu ndi umene anafika mng'ono wanga Felesiya. Mwamuna wake anali atapita kukafuna ganyu ku maesiteti a fodya, ndipo kupita kwake kunali komweko. Ndinakawachingamira ku depoti. Felesiya anali atatha, mafupa a m'khosi ali poyera. Koma Esinati, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, njala inali isanakagonjetse. Njira yonse ya ku Zolozolo mayi ake anasenza mtolo pamutu, iko kakuthamangira kutsogolo, kubwerera, kuthamanganso, kufunsa ngati nyumba iliyonse ya malata inali yathu. Sabata isanathe kanali katatchuka kale pa fulaye. Atsikana a m'dera lathu ankalimbirana kuti kakhale mbali yawo, chifukwa mpira sunkakakhudza.

Bambo a Yohane anawalandira bwino. Anandinong'oneza kuti mlendo ndi mame, tisade nkhawa. Koma titatha kudya anamuyang'ana Felesiya nati, "Mlamu, pano mwafika panu. Koma wina akakufunsani, mwabwera kudzationa. Mawu oti njala pakhomo pano ayi."

Anali ndi chifukwa chawo. Anthu a matipate ankanena paliponse kuti boma lalephera kudyetsa anthu, ndipo iwo ntchito yawo inali yotsutsa zimenezo. Njala inkaloledwa kukhala kumidzi kumene mvula inakana, koma osati m'nyumba ya tcheyamani.

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu kunkakhala aNyaManda, mayi wa ku Nkhata Bay. Pampandapo panali kampata kamene tinkapatsirana moto, mchere ndi miseche. Zaka zonse tinkanyozana za chakudya. Ine ndinkati kondowole wawo ndi ulimbo wokolera mbalame. Iwo ankati ife anthu a chimanga, chimangacho chikangotsokomola timayamba kukumba manda. Tinkaseka mpaka misozi, osadziwa kuti wina akunena zoona.

Disembala

Mvula inabwera, yabwino ndithu, ngati ikupepesa. Tinabzala kudambo kuja tonse, Esinati akuponya mbewu m'mapando mothamanga moti ndinkachita kumukalipira. Koma chimanga cha m'nthaka sichiphikidwa. Kuchokera pobzala kufika pokolola pali mtunda, ndipo mtunda umenewo ndi umene umapha anthu.

Ku msika wa boma wogulitsa chimanga tinkapita kusanache n'kubwerako dzuwa litapendeka, nthawi zina chimanjamanja. Chikapezeka ankatipimira pang'onopang'ono, ndipo chinali chachikasu chochokera kunja. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati kwawoko n'chodyetsa ng'ombe, ena ankati chimafooketsa abambo m'nyumba. Abambo omwewo ankachidya n'kunyambita zala. Chimanga chaulere cha thandizo tinkangochimvera pa wailesi, chinali cha kumidzi. Ife a m'tauni ankati tili pa ntchito, ngati malipiro a mesenjala amabereka ana. Pa okala ya Che Yusufu mtengo wa ufa unkasintha ngati nyengo ya Mzuzu, m'mawa wina, madzulo wina. Mkuluyo ankachita manyazi potiuza, nati nayenso akugula modula. Shuga tinamuiwala. Madeya, amene kale tinkapatsa nkhuku, anayamba kulimbiranidwa pachigayo.

Felesiya zinkamuwawa kudya thukuta la mlamu wake. Anayamba kulawirira kukapalira m'minda ya anthu kumapiri a njira ya ku Nkhata Bay. Eni mindayo analibe ndalama, analibenso chimanga. Ankamulipira chinangwa chongozula kumene, ndipo ankabwera nacho atachikulunga m'chitenje kuti anthu asaone.

Januwale

Kwathu chinangwa timachidziwa chozuna, chongosenda n'kutafuna uli m'njira. Cha kunyanja ndi mtundu wina. N'chowawa, chili ndi ululu, ndipo eni ake amachiviika m'madzi masiku angapo asanachiyanike n'kusinja. Ndinameza manyazi anga onse a ulimbo uja n'kukafunsa pa kampata.

ANyaManda sanandiseke. Anathyola kachidutswa, kukalawa, n'kulavula. "Anyina Yohane, ichi si chakwanu chija yayi. Muchiviike mpaka chifewe ngati nthochi yakupsa, chinunkhe chomene. Chaka chino ndiye chakwiya ndi dzuwa lija, nafenso tikuwonjezera masiku. Fungo likabwera, ndiye kuti ululu wachoka."

Tinachisenda, kuchiika m'beseni langa lachitsulo lochapira, kuthira madzi, n'kulibisa kuseri kwa bafa. Masiku oyamba kunali zii. Kenako fungo linadzuka. Amene sanalimvepo sangamvetse. Ndi fungo lowawasa, lolemera, lolowa m'zovala, ndipo silifunsa kuti pano ndi pa tcheyamani.

Tsoka lake linali Loweruka. Bambo a Yohane anabwera ndi akuluakulu awiri a chipani ochokera ku Katoto, kudzakonza za msonkhano. Ndinawaikira mipando pakhonde. Ali mkati mokambirana, mphepo inatembenuka. Mmodzi wa alendowo, wamimba yake bwino, ananunkhiza m'mwamba n'kuseka.

"Atcheya, kodi nanunso mwayamba kondowole? Ndiye kuti a matipate akunena zoona?"

Abambo anaseka nawo, nati fungolo likuchokera kwa aneba. Alendo atangopotoloka, anazungulira kuseri, kulipeza beseni, n'kulimenya theche. Chinangwa cha thukuta la Felesiya chinamwazikira m'matope.

"Pakhomo pa munthu wolandira malipiro a boma sipanunkha zoola," anatero mokweza. "Zimenezi zikanunkhe kwa eni ake odya zoola."

ANyaManda anali kuseri kwa mpanda, akuyanika zovala. Anamva zonse. Kutacha tinapeza kampata kaja katatsekedwa ndi lata lakale. Abambo anati zakhala bwino, popeza mwana wamkulu wa mayiyo ankadziwika kuti amaimika zala ziwiri, ndipo anatiletsa kupondako. Ndinakwiya, ndinalankhula mpaka mawu anandithera, koma anangotenga jekete n'kutuluka. Felesiya anagwada m'matopemo n'kumatola zidutswa chimodzichimodzi, pakuti mlendo alibe pakamwa.

Febuluwale

Uwu ndiye mwezi woipa. Mvula inkagwa usana ndi usiku, nkhungu osachoka, chimanga kudambo chili bii, chokongola, koma chopanda kanthu koti n'kuika mkamwa. Maliro anachuluka. Ena anagulitsa mawailesi, ena mabulangete m'kuzizira kwa Mzuzu kumeneku. Banja lina la pafupi nafe linatseka nyumba n'kubwerera kwawo osatsanzika.

Ufa wachikasu umene tinkaupeza unkakwana kansima kamodzi ka madzulo. Kameneko kanali ka abambo, oti akapalase njinga ya boma, ndi Yohane, woti akalembe mayeso. Pa sukulu ya mwanayo ndi pamene tinaika moyo wathu wonse, ngati mmene ankachitira aliyense m'tauni muno. Ife akazi tinkanyambita zotsala. Felesiya anamuletseratu Esinati kutambasulira dzanja m'mbale imeneyo. Ankati tabwera kudzapempha, tisadye ngati eni khomo.

Ndiye chinangwa sitikanachisiya. Nzeru inabwera ndi Felesiya, ine n'kuvomereza. Tinaona kuti tsiku loyamba chinangwa sichinunkha. Basi, chinangwa chathu chinayamba ntchito ya boma: abambo akakwera njinga m'mawa, icho chimalowa m'madzi, akamayandikira kuweruka, nacho chimaweruka. Tinkachidula tizidutswa ting'onoting'ono poganiza kuti ululu utuluka msanga, kuchisinja chili chiwisi, kuchifinya m'thumba, n'kuchiumitsa pambali pa moto popeza dzuwa kunalibe. Mawa lake masana tinkaphika. Nsima yake inkawawabe kukhosi, koma tinkati njala ndiyo ndiwo. Ndiwo zenizeni zinali nkhwani za mchere wokha, tsiku lina mchere wokhawo. Ife akuluakulu tinkadya pang'ono kuti mwana akhute. Timati tikumukonda.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Esinati anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, nthawi zina kusanza. Nanenso ndikaweramuka dziko linkazungulira. Tinati ndi malungo a nthawi ya mvula, tinamugulira mapilitsi kwa Che Yusufu. Ku fulaye ankapitabe, koma ndinamva anzake akumuseka kuti masiku ano mpira ukumupeza.

Tsiku lina m'mawa ndinamutuma kuti akatenge ndowa panja. Anadzuka pamphasa, kuponya phazi limodzi, n'kugwa chafufumimba. Ndinamukalipira kuti asiye masewera. Anagwira khoma n'kuimirira, ndipo ndinaona miyendo yake ikunjenjemera, yauma gwa, mawondo akugundana, zidendene zikukana kufika pansi. Anaima ndi zala zokha.

"Amayi aakulu," anatero, osalira n'komwe, "miyendo ikukana."

Thupi silinali lotentha. Panalibe bala, panalibe pomupweteka. Chimenecho ndicho chinandiopsa koposa. Ndinathamangira kumpanda, kuligwira lata lija n'kulikoka mpaka linandicheka m'manja.

ANyaManda anabwera ndi thovu la sopo m'mikono. Anamuyang'ana mwanayo, kenako analowa m'khitchini mwanga osapempha, kutsegula poto wa ufa uja, kuika pang'ono palilime. Anandifunsa kuti tinkaviika masiku angati. Ine ndi Felesiya tinangoyang'ana pansi. Mayi uja anakhala pansi pomwepo, pa dothi, n'kuyamba kulira.

"Chiuta wane. Anyina Yohane, bwanji simunangoponyera kuseri kwa mpanda? Ine ndikanakuviikirani. Ndinakwiya ndi abambo, nadi, koma mwana anandilakwira chiyani?"

Mpanda wake unali wa udzu, woti ngakhale nkhuku inkadumpha.

Malichi

Kuchipatala tinapita tonse. Bambo a Yohane anamukweza Esinati pa njinga ya boma ija n'kumaikankha, atavala yunifolomu yawo ya khaki. M'njira ndinawauza zonse, za beseni, za nthawi yolowa ndi yoweruka. Anapitiriza kukankha njinga, maso pa handulo.

Dokotala anali wachinyamata, wotopa. Anamugogoda mwanayo m'mawondo, miyendo n'kumadumpha yokha. Anafunsa zimene amadya, tinamuuza. Kenako anayang'ana yunifolomu ija n'kufunsa abambo ngati kunyumba kuli chakudya china.

"Chilipo," anayamba choncho, pakamwa patazolowera. Ndiye anaima. Anamuyang'ana Esinati amene ankasewera ndi lamba wa wotchi yawo. "Ayi, adokotala. Kulibe. Kunyumba kuli njala."

Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera njala ndi pakamwa pawo, ndipo m'malo mowamvera chisoni ndinamva ukali wokhawokha. Mawu afupiafupi ngati amenewo, osalipiritsa, anatenga miyezi yonseyo kuti atuluke.

Dokotala anati mwanayo safa, ndipo matendawo sapitirira tikasiya chinangwa chosaviika bwino. Anati tizimupatsa nyemba, mazira ndi nsomba. Ndinatsala pang'ono kuseka. Felesiya anafunsa kuti nanga miyendo idzamasuka liti. Mnyamata uja anayang'ana pawindo, nati mwina pang'ono, koma kuti idzabwerere mwakale, asatinamize.

Amene anatidyetsa mwezi umenewo ndi aNyaManda. Mchimwene wawo akabwera kuchokera kunyanja, ankatigawira usipa ndi ufa wa kondowole weniweni, ndipo ulimbo uja ndinaudya ndikuthokoza. Abambo anapita okha kukapepesa, chipewa chili m'manja. Mayiyo anangoti yewo, n'kupitiriza kusesa. Madzulo ake abambo analitenga beseni lija, kuliwongola ndi mwala pamene linapindika ndi theche, kuliika kutsogolo kwa nyumba, pambali pa khonde penipeni, n'kukatunga okha madzi oviikira chinangwa. Linanunkha mpaka kumsewu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe anasamala. Anthu ankadutsa osatembenuka n'komwe, aliyense ali ndi njala yake. Nthawi imeneyo misonkhano ya matipate inali itayamba kuchitika poyera, ndipo mkulu wamimba uja wa ku Katoto, amene kuseka kwake kunagwetsa beseni langa, anthu anamuona ali pa lole akuimika zala ziwiri. Ulemu umene tinaulipira ndi miyendo ya mwana unali utasiya kale kugwira ntchito.

Kumapeto kwa mwezi tinayamba kuthyola mondokwa ndi maungu. Chimanga choyamba kuwotcha abambo anachipereka kwa Esinati. Iye anachilandira ndi manja awiri, atakhala pakhonde, maso ali kubwalo kumene anzake ankasewera fulaye.

Juni

Chaka chimenecho tinakolola ngati sitinakololepo. Kamunda komwe kaja kanadzaza chipinda mpaka Yohane ankagona pa matumba. Mitengo inatsika, Che Yusufu anayambanso kuseka, chachikasu chija anthu anayamba kupatsa nkhuku. Tinapita kukavota m'kuzizira, aliyense ndi chinsinsi chake. Zotsatira zitamveka kuti nyali yapambana, Zolozolo yense anavina mumsewu. Abambo anakhala m'nyumba. Mabuku a chipani anawakoleza moto, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akutaya nsapato zothina.

Esinati anaphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri zimene anamusemera abambo omwewo. Amayendabe choncho mpaka lero, pa zala, mawondo akukhulana. Ndi mayi wa ana ake tsopano, amasoka zovala pa Balaka ndi makina opukusa ndi dzanja. Sanandinenepo mawu oipa, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandinena. Masiku ano mvula ikangodula, aliyense amafuula za njala, pa wailesi, m'minibasi, ngakhale a boma amene. Ndikamva choncho ndimati zili bwino, fuulani, mawuwo ndi otchipa kuposa kukhala chete.

Felesiya anati akufuna kubwerera kwathu, kukakonza munda. Tinamukakamiza kuti akhale, anakana. M'mawa wa ulendowo abambo anasankha thumba la chimanga choyera, chabwino koposa chonse, kulisoka bwinobwino, n'kulikokera pakhonde. Anati alikweza pa njinga mpaka ku depoti, ndipo likawathandize kumudzi poyambira.

Felesiya anali atawerama, ine ndikumuthandiza kumubereka Esinati, mtsikana wamkulu miyendo ili lendelende mpaka m'mawondo mwa mayi ake. Anamanga chitenje pachifuwa, kuweramuka, n'kuliyang'ana thumbalo. Kuchokera pamene basi imatsitsa anthu kukafika kumudzi kwathu ndi ulendo wa pansi wautali, wopanda njinga, wopanda ngolo.

"Zikomo alamu," anatero mofatsa. "Koma pobwera ndinasenza katundu chifukwa mwanayu ankayenda yekha. Lero msana ndili nawo umodzi."

Tinawaperekeza ku depoti njinga ili yopanda katundu, pakuti Felesiya anakana kumutsitsa mwanayo.

Thumba lija linakhala pakhonde pomwepo. Ine sindinalitsegule, abambo sanalisunthe, ndipo Yohane ankalilambalala polowa m'nyumba. Mvula yotsatira isanagwe, anankafumbwe anali atalimaliza.